Kufufuza buku m'katalogi ya laibulale musanakwere kumtunda: malangizo kwa ophunzira a kuchigwa cha Shire

Aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito zachipatala ambiri a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje masiku ano akupitiriza maphunziro awo ali pantchito, ndipo sukulu zaukachenjede zimene analembetsako zili kutali: ku Blantyre, ku Thyolo, ku Zomba, ku Lilongwe ngakhalenso ku Mzuzu. Kwa munthu wokhala ku Bangula kapena ku Makhanga, kupita ku laibulale ya sukulu yake ndi ulendo wofuna ndalama ya minibasi, chilolezo cha kuntchito, ndiponso nthawi zina malo ogona. N'chifukwa chake katalogi ya pa intaneti, yomwe ndi kaundula wa mabuku onse amene laibulale ili nawo, ndi yofunika kwambiri kwa ife a kuchigwa kuposa kwa mnzathu amene amagona pasukulu pomwepo. Iye akalephera kupeza buku lero, abweranso mawa. Ife tiyenera kudutsa pa Thabwa n'kuyamba chitunda tikudziwa kale buku limene tikukalifuna, shelefu imene lili, ndiponso ngati wina sanalibwereke.

Vuto n'lakuti ambiri timafika pa katalogi ndi chizolowezi chimene tinatenga ku Google. Wophunzira amene palibe anamuonetsapo kafufuzidwe amakopera funso lonse limene mphunzitsi wapereka n'kuliika m'kabokosi kofufuzira, ndipo katalogi ikamuyankha kuti sinapeze kanthu, amatseka foni n'kukauza anzake kuti laibulaleyo ilibe mabuku a nkhani imeneyo. Wina amalemba liwu limodzi lokha lotambasuka, zotsatira n'kubwera mazanamazana, iye n'kutenga mabuku awiri a pamwamba osaona ngati akukhudza funso lake. Koma amene anakhalapo pansi ndi woyang'anira laibulale amachita mosiyana: amalemba mawu ochepa osankhidwa bwino, akapanda kupeza amasintha liwu limodzi n'kuyesanso, ndipo akapeza buku limodzi labwino amalitsata kuti limufikitse kwa anzake. Maphunziro amenewa nthawi zambiri amachitika sabata yoyamba, pamene wophunzira wochokera kutali ali pamzere wolembetsa ndi wolipira fizi, kapenanso asanafike n'komwe. Malangizo otsatirawa ndi olowa m'malo mwa phunziro limene ambiri a inu linakuphonyani.

Choyamba, dziwani zimene katalogi imasunga

Katalogi sinawerenge mabuku amene ili nawo. Pa buku lililonse, amene analilembetsa anaikamo zinthu zochepa chabe: dzina la mlembi, mutu wa buku, wosindikiza, chaka, chiwerengero cha masamba, mitu iwiri kapena itatu yosonyeza nkhani yake, ndi nambala yosonyeza malo ake pa shelefu. Zili ngati zolembedwa pa thumba la mbewu, zomwe zimakuuzani mtundu wa mbewu ndi kampani imene yalongedza, pamene mbewuyo ili m'kati. Mukalemba mawu, kompyuta imawayerekeza ndi mizere yochepayi basi, osati ndi zimene zili pa tsamba 140 la bukulo.

Malaibulale ambiri m'dziko muno amagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa Koha, yomwe inayambira ku New Zealand mu 1999, ndipo pa tsamba la intaneti la laibulale ya sukulu yanu katalogiyo mungaipeze italembedwa kuti Catalogue kapena OPAC. Kawirikawiri kufufuza sikufuna nambala yachinsinsi. Imeneyo imafunika pokhapokha mukafuna kusungitsa buku kapena kuona mabuku amene munabwereka. Chofunika kuchisunga m'mutu n'chakuti makatalogi ambiri, mukalemba mawu asanu ndi limodzi, amafuna buku limene lili ndi mawu onsewo pamodzi. Choncho liwu lililonse limene mwawonjezera limachepetsa zotsatira, ndipo chiganizo chachitali chimatseka khomo. Munthu wolemba kuti effects of floods on primary school attendance in Nsanje district sangapeze kanthu, ngakhale laibulaleyo itakhala ndi mabuku abwino a madzi osefukira ndi enanso abwino a kujomba kwa ana kusukulu.

Chachiwiri, konzani mawu papepala musanatsegule bandulo

Ntchito yaikulu ya kafukufuku imachitika foni ili m'thumba, ndipo zimenezi n'zothandiza kwa ife amene netiweki imatithawathawa ndipo bandulo timagula yochepa. Tengani funso lanu, mulembe mzere pansi pa mawu amene ali ndi nkhani, ndi kusiya onse ongolumikiza. Mawu monga effects, impact, challenges, factors ndi study asiyeni, chifukwa amapezeka m'mitu ya mabuku a nkhani iliyonse ndipo sakufikitsani kulikonse. Pa funso lathu lija patsala zinthu zitatu: madzi osefukira, sukulu, ndi malo.

Tsopano pansi pa chinthu chilichonse lembani mawu ena amene mlembi akanagwiritsa ntchito. Popeza mabuku ambiri a m'malaibulale athu ali m'Chingerezi, ndipo ngakhale mabuku a Chichewa amalembetsedwa ndi mitu ya nkhani ya m'Chingerezi, mawu ofufuzirawo ayenera kukhala a m'Chingerezi. Pansi pa madzi osefukira lembani floods, flooding, disasters ndi cyclone. Pansi pa sukulu lembani education, schools, attendance ndi dropout. Pansi pa malo yambani ndi Nsanje, kenaka Lower Shire, kenaka Malawi, kenaka Southern Africa, kuchoka pa malo aang'ono kunka pa aakulu. Makwerero a malowa ndi ofunika kwambiri, chifukwa mabuku olembedwa za boma limodzi lokha ndi ochepa, pamene buku la dziko lonse likhoza kukhala ndi mutu wathunthu wonena za kwanu. Mlangizi wofuna za tizilombo ta thonje ku Ngabu ayambe ndi cotton Ngabu, akapanda kupeza apite pa cotton pests Malawi, ndipo asachite manyazi kutenga buku lonena za thonje la mu Africa monse, popeza mbozi imene imadya thonje ku Ngabu ndi yomweyo imene imadya kwa anzathu a ku Mozambique.

Ngati simukudziwa liwu limene akatswiri amagwiritsa ntchito, yang'anani m'zolemba za mphunzitsi wanu kapena kumapeto kwa buku la kalasi. Namwino wofufuza za likodzo apeza zambiri ndi schistosomiasis kuposa ndi bilharzia yekha, ndipo ndi bwino kuyesa onse awiri.

Chachitatu, yesani mayina onse amene chigwa chathu chakhala nawo

Apa m'pamene ophunzira a kwathu amataya mabuku ambiri amene ali pa shelefu, ndipo ndikupempha kuti muwerenge gawo lino modekha. Kompyuta imaona zilembo basi. Siidziwa kuti Chikwawa ndi Chikhwawa ndi boma limodzi, choncho mukalemba kalembedwe kamodzi, malipoti ndi mabuku amene anagwiritsa ntchito kalembedwe kenako akhoza kubisika. Siidziwanso kuti Nsanje inkatchedwa Port Herald pa nthawi ya atsamunda, ndiponso kuti zolembedwa za dziko lino za pakati pa 1907 ndi 1964 zimanena za Nyasaland. Wophunzira mbiri amene akufuna za ulimi wa thonje kapena msonkho m'zaka za m'ma 1930, akalemba Nsanje ndi Malawi yekha, wadzitsekera kunja kwa zolembedwa za nthawi imene akuifunayo.

Dzina la mtsinje wathu nalonso lili ndi msampha wake. M'Chingerezi shire ndi dzina la zigawo za dziko la England, choncho mukalemba liwu limeneli lokha m'katalogi yaikulu, mudzalandira mabuku ambiri a ku Ulaya osakhudza chigwa chathu. Liphatikizeni ndi Malawi, kapena lembani Lower Shire, Shire Valley kapena Shire River. Zolembedwa za m'Chipwitikizi zochokera ku Mozambique zimati Chire. Ndipo katswiri wa mbiri Elias Mandala, polemba buku lake la mu 1990 lofotokoza mbiri ya ntchito ndi ulimi m'chigwa chino kuyambira 1859 mpaka 1960, anasankha kulemba dzinali motsata katchulidwe ka eni dera, kotero kuti pa mutu wa bukulo pali mawu akuti Lower Tchiri Valley. Wophunzira amene wafufuza Shire m'mitu ya mabuku yokha sangalione, chonsecho ndi limodzi mwa mabuku ofunika kwambiri onena za kwathu.

Chitsanzo china ndi cha Mbona. Buku lodziwika la Matthew Schoffeleers lonena za chipembedzo cha ku Khulubvi, lomwe linatuluka mu 1992, mutu wake ndi River of Blood, ndipo dzina la Mbona silikupezeka pa mutupo. Amene wasankha kufufuza m'mitu yokha abwerako chimanjamanja, pamene amene wafufuza ndi keyword, yomwe imayang'ana m'mizere yonse ya tsamba la buku, kapena amene walemba dzina la mlembi, alipeza. M'zolembedwa zina dzinali limalembedwa M'bona, ndipo kachizindikiro kameneko kamasokoneza makatalogi ena, monga momwe kamachitira pa Mang'anja. Yesani Mang'anja ndi Manganja, Mbona ndi M'bona, Zambezi ndi Zambesi. Wofufuza za chinenero ayese Chichewa, Chewa, Nyanja ndi Chinyanja, popeza malaibulale ambiri amaika mabuku a chinenerochi pansi pa Nyanja. Ndipo wofuna za Chisena alembe Sena pamodzi ndi Malawi kapena Mozambique.

Mabungwe nawonso amasintha mayina. Munda wa nzimbe wa ku Nchalo, womwe lero uli pansi pa Illovo, kwa zaka zambiri unkadziwika kuti SUCOMA, dzina limene akuluakulu ambiri akugwiritsabe ntchito, ndipo malipoti akale ali pa dzina limenelo. Chigawo cha zaulimi chimene tsopano chimatchedwa Shire Valley ADD chimapezeka m'zolembedwa zakale ngati Ngabu ADD. Kafukufuku wa ophunzira a zaulimi wolembedwa chisanafike chaka cha 2012 ali pa dzina la Bunda College of Agriculture ya University of Malawi, osati LUANAR, ndipo zolembedwa za Polytechnic ndi College of Medicine zakale sizinasinthidwe mayina pamene sukuluzi zinaima pazokha mu 2021 n'kukhala MUBAS ndi KUHeS. Ndi bwino kukhala ndi tsamba limodzi kumapeto kwa kope lanu lolembapo mayina akale ndi atsopano, n'kumawonjezera pamene mwakumana ndi lina. Agogo anu ndi aphunzitsi opuma pantchito angakuthandizeni pa tsamba limeneli kuposa kompyuta.

Chachinayi, phatikizani mawuwo pang'onopang'ono

Tsegulani katalogi, musiye kabokosi pa keyword, mulembe mawu awiri okha, monga floods Malawi. Onani kuchuluka kwa zotsatira. Zikakhala zochepa moti mungaziwerenge zonse, ziwerengeni zonse mpaka tsamba lomaliza, chifukwa katalogi siidziwa buku limene lili labwino kwa inu ndipo lofunikalo likhoza kukhala pansi penipeni. Zikachuluka, wonjezerani liwu lachitatu. Zikapanda kubwera, chinthu choyamba kuona ndi kalembedwe kanu, popeza makatalogi ambiri sakonza zilembo zolakwika monga imachitira Google, ndipo foni imakonda kusintha mayina a kwathu payokha. Kalembedwe kakakhala kolondola, chotsani liwu limodzi kapena kwerani pa makwerero a malo aja.

Pali zida zochepa zimene n'zofunika kuzidziwa. Mawu akuti AND, OR ndi NOT, omwe amachokera ku masamu a George Boole wa m'zaka za m'ma 1800, amauza kompyuta mmene iphatikizire mawu anu. AND amafuna mawu onse awiri ndipo amachepetsa zotsatira. OR amalola lililonse mwa awiriwo ndipo amazichulukitsa, choncho ndi amene amatithandiza pa mayina aja: Chikwawa OR Chikhwawa, Nsanje OR Port Herald. NOT amachotsa liwu, koma ine ndimalangiza kuti mumusiye mpaka mutazolowera, chifukwa amataya mabuku abwino mwakachetechete. Mukalemba irrigation NOT sugar mudzatayanso buku lonena za ulimi wothirira wa mpunga ndi chimanga chifukwa chakuti linatchulako nzimbe. Njira yosavuta yogwiritsira ntchito mawu amenewa ndi kutsegula Advanced search, pamene pali mabokosi angapo ndipo mumangosankha. Kuika mawu awiri pakati pa zizindikiro zogwira mawu, monga "Elephant Marsh", kumauza katalogi kuti iwafune ali moyandikana, ndipo kumakupulumutsani ku mabuku onse a njovu. Kanyenyezi koikidwa kumapeto kwa tsinde la liwu, monga irrigat*, m'makatalogi ambiri kamabweretsa irrigate, irrigated ndi irrigation nthawi imodzi.

Chachisanu, buku limodzi labwino likutsogolereni kwa anzake

Ili ndi luso limene limasiyanitsa kwambiri wophunzitsidwa ndi wosaphunzitsidwa. Mukaona buku limene likukhudza funso lanu, musangokopera mutu wake n'kubwerera. Dinani pa mutuwo kuti tsamba lake lonse litseguke, ndipo yang'anani mzere wolembedwa Subjects. Mawu amene ali pamenepo sanalembedwe mwachisawawa. Oyang'anira malaibulale amawatenga pa mndandanda wogwirizana, kawirikawiri wa Library of Congress ya ku America, ndi cholinga chakuti mabuku onse a nkhani imodzi akhale pansi pa mutu umodzi ngakhale alembi ake atagwiritsa ntchito mawu osiyana. Mukadina pa mutu woterewu, katalogi imakusonkhanitsirani mabuku onse amene anapatsidwa mutu womwewo, kuphatikizapo amene simukanawaganizira. Lembani mutuwo m'kope monga mmene walembedwera, chifukwa mudzaugwiritsanso ntchito m'katalogi ya laibulale ina.

Musayambe kafukufuku wanu ndi subject ngati simukudziwa mutu weniweniwo, popeza kungoganizira kumabweretsa zotsatira zochepa. Yambani ndi keyword, pezani buku limodzi, tengani mutu wa nkhani yake pa mzere wa Subjects, ndiyeno fufuzani ndi subject. Chitaninso chimodzimodzi ndi dzina la mlembi, chifukwa munthu amene analemba buku limodzi lonena za chigwa chino nthawi zambiri analembanso zina. Pofufuza mlembi yambani ndi dzina la bambo, monga Mandala, Elias, ndipo musaike maudindo monga Dr kapena Prof.

Chachisanu ndi chimodzi, ganizirani chaka ndi mtundu wa cholembedwa

Pambali pa zotsatira pamakhala mizere yokuthandizani kusefa potengera chaka, mlembi, nkhani kapena mtundu wa cholembedwa. Pa foni mizereyi imabisika kawirikawiri, ndipo muyenera kudina pamene palembedwa Refine your search kapena kutsikira pansi. Kusefa ndi chaka kumafuna nzeru. Za mankhwala a malungo kapena a tizilombo ta mbewu tengani zatsopano, chifukwa malangizo ake amasintha. Za mbiri, chikhalidwe ndi nthaka, buku lakale likhoza kukhala loposa onse.

Pali nkhani zina zimene katalogi ya mabuku singakuthandizeni mokwanira, ndipo si vuto lanu. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi wa Freddy mu Malichi 2023, zonsezi ndi zaposachedwa, ndipo zambiri zake zili m'malipoti ndi m'magazini a kafukufuku osati m'mabuku. Boma pamodzi ndi mabungwe othandizana nalo linatulutsa malipoti ounika chiwonongeko, otchedwa Post Disaster Needs Assessment, pambuyo pa ngozi za 2015, 2019 ndi 2023. Malipoti otere mlembi wake amakhala boma kapena nthambi yake, choncho m'bokosi la mlembi mungalembe Department of Disaster Management Affairs kapena National Statistical Office. Chimodzimodzinso ndi za ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, zomwe zambiri zili m'malipoti a boma ndi a World Bank.

Dziwaninso kuti katalogi imalembetsa dzina la magazini, monga Malawi Medical Journal kapena Society of Malawi Journal, koma kawirikawiri siilembetsa nkhani iliyonse ya m'kati mwake. Nkhanizo zimafufuzidwa kwina. African Journals Online ili ndi magazini ambiri a mu Africa, ndipo nkhani zambiri mmenemo n'zaulere. Pulogalamu ya Research4Life, yomwe ili ndi Hinari ya zaumoyo kuyambira 2002 ndi AGORA ya zaulimi kuyambira 2003, imatsegulira sukulu ndi mabungwe a m'mayiko ngati Malawi magazini amene akanakhala odula kwambiri, ndipo malaibulale a m'dziko muno amagwirizana kudzera m'bungwe la MALICO pogula mwayi wowerenga zolembedwa za pa intaneti. Funsani woyang'anira laibulale ya sukulu yanu kuti akuuzeni mmene mungalowere muli kunyumba, chifukwa mwayi umenewu ndi wanunso monga wophunzira wolembetsedwa ngakhale mukukhala ku Marka. Mawu amene munakonza papepala aja agwiranso ntchito kumeneko popanda kusintha.

Chachisanu ndi chiwiri, lembani nambala ya buku ndi kuona ngati lilipo

Pansi pa tsamba la buku pali kabokosi kosonyeza laibulale imene lili, gawo lake, nambala yake yotchedwa call number, ndi mmene lilili panopa. Koperani nambalayo yonse, zilembo ndi madontho omwe, kapena jambulani tsambalo pa foni kuti mukalione ngakhale netiweki itasowa. Malaibulale ena amatsata dongosolo la Dewey, lomwe Melvil Dewey analiyambitsa mu 1876, ndipo limagwiritsa ntchito manambala: zaulimi zili pa 630, thonje pa 633.51, nzimbe pa 633.61, ulimi wothirira pa 631.587, maphunziro pa 370, ndipo mbiri ya Malawi pa 968.97. Manambala a pambuyo pa dontho amawerengedwa limodzilimodzi, kotero kuti 631.587 imabwera patsogolo pa 631.6 ngakhale ikuoneka yaitali. Ambiri amadutsa buku lawo pa shelefu chifukwa chosadziwa zimenezi. Malaibulale ena, makamaka a sukulu zaukachenjede, amatsata dongosolo la Library of Congress loyamba ndi zilembo, momwe S ndi zaulimi, L ndi maphunziro, R ndi zachipatala, ndipo DT ndi mbiri ya Africa. M'madongosolo onse awiri mabuku a nkhani imodzi amakhala moyandikana, choncho mukafika pa shelefu yang'anani kumanja ndi kumanzere kwa buku lanu. Makatalogi a Koha ambiri ali ndi batani la Browse shelf limene limakuonetsani oyandikana nawowo mukadali kwanu.

Tsopano onani mmene bukulo lilili. Available akutanthauza kuti liyenera kukhala pa shelefu. Checked out akutanthauza kuti wina analibwereka, ndipo pambali pake pamaoneka tsiku limene ayenera kulibweza. Not for loan, Reference kapena Reserve akutanthauza kuti mudzaliwerengera momwemo kapena kulibwereka kwa maola ochepa, ndipo mabuku ambiri onena za dziko lino amasungidwa motero m'gawo lapadera lotchedwa Malawiana kapena Malawi Collection. Zimenezi zikukhudza ulendo wanu mwachindunji, chifukwa buku losatuluka limafuna kuti mukhale ndi tsiku lathunthu lowerenga ndi kulemba, osati kungofika masana n'kuthamangira minibasi yomaliza. Onaninso kuti bukulo lili pa nthambi iti, popeza sukulu imodzi ikhoza kukhala ndi malaibulale m'mizinda yosiyana. Ngati katalogi ikulola, dinani Place hold kuti musungitse. Ndipo popeza katalogi imanena zimene zinalembedwa, osati zimene diso laona, tumizani uthenga kapena imbani foni ku laibulale tsiku limodzi kapena awiri musananyamuke, muwapatse mitu ndi manambala, ndi kuwapempha mwaulemu kuti akuonereni ngati mabukuwo alidi pamalo pake.

Ngati laibulale yanu ilibe bukulo, lifufuzeni pa WorldCat, katalogi yophatikiza malaibulale ambirimbiri a padziko lonse, kuti mupeze mutu wake wolondola, chaka ndi wosindikiza, ndiyeno yang'anani m'makatalogi a sukulu zina za m'dziko muno. Zolembedwa zakale za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo Society of Malawi ili ndi laibulale ya mbiri yakale ku Mandala House mumzinda wa Blantyre.

Kwa amene mumaphunzitsa ena

Aphunzitsi a kusekondale ndi oyang'anira malaibulale amene mukufuna kupereka luso limeneli kwa ophunzira, dziwani kuti kuyendetsa gulu lalikulu m'laibulale tsiku loyamba n'kuwaonetsa mashelefu sikusintha kafufuzidwe kawo kwenikweni, chifukwa pa nthawiyo alibe funso lowavutitsa ndipo zimene amva zimaiwalika. Phunziroli limagwira bwino pamene wophunzira wapatsidwa kale ntchito yolemba ndipo akufunadi buku. Aliyense abwere ndi funso lake, agwire foni yake kapena ya mnzake, ndipo muyambe ndi kumulola kufufuza monga amachitira nthawi zonse kuti adzionere yekha katalogi ikumubweza. Kenaka mupite naye papepala, musankhe mawu pamodzi, muyesenso, ndipo musamutolere buku koma mumufunse chimene asinthe. Zitsanzo zikhale za kuno: thonje la ku Ngabu, nsomba za ku Elephant Marsh, njovu za ku Majete, madimba a m'mbali mwa Shire. Wophunzira amene waona ndi maso ake kuti Port Herald yabweretsa zolembedwa zimene Nsanje inazibisa sadzafunikanso kukumbutsidwa za kuyesa mayina ena.

Pakatha milungu iwiri kapena itatu muitanenso gululo, aliyense abwere ndi kope losonyeza mawu amene anayesa, kuchuluka kwa zotsatira pa kuyesa kulikonse, ndi manambala a mabuku amene anasankha. Kopelo lidzakuonetsani pamene aliyense akukakamira, kaya ndi pa kalembedwe, pa kusankha mawu kapena pa kuwerenga nambala ya shelefu, ndipo phunziro lachiwiri mudzalikonza potengera zimenezo. Kumene netiweki ili yovuta, jambulani masamba angapo a katalogi pamene mwapeza mpata, muwasindikize, ndipo gawo lowerenga tsamba la buku, lopeza mitu ya nkhani ndi losanja manambala a Dewey muliphunzitse papepala, kuti bandulo yochepa imene gulu lasonkha igwire ntchito pa kufufuza kokhako.